Chipata Chodutsa Munthu Mmodzi

Basi ya ku Langby ilibe chisoni. Ikakusiya yakusiya, ina imabwera dzuwa litapendeka. Atuweni anaidziwa nkhanza imeneyi tsiku lake loyamba kugwira ntchito m'mudzimo, m'chilimwe cha 2018. Anatuluka chothamanga m'nyumba yosamalira okalamba, chikwama chikumumenya m'nthiti, n'kungoona msana wa basi ukukhota patchalitchi.

Anakhala pabenchi ya pasiteji, navula nsapato imodzi, nayamba kudandaula mokweza m'Chichewa, poti ankadziwa kuti palibe womumva.

"Ambuye, ine ndinachoka ku Machinga kuthawa kumudzi. Lero mwandibweretsanso kumudzi, kopanda ngakhale kabaza."

"Kabaza alipo, koma ndi wa miyendo."

Atuweni anatsala pang'ono kugwa pabenchipo. Kumbuyo kwake kunaima mnyamata wamtali, wovala chisoti cha anthu omanga ndi nsapato zamatope, mano onse ali pamtunda.

"Pepani, ndakuopsani. Ndine Lumbani Ng'ambi, kwathu ndi ku Chitipa. Kampani yathu ikukonza nsanja ya tchalitchi icho. Mwamisa basi?"

"Yandimisa ndi iyoyo. Ine ndinafika pa nthawi yake, ya kwathu."

Lumbani anaseka mpaka kuvula chisoti.

"Musadikire pano, mukalamba ngati anthu anu aja. Pali njira yodutsa m'minda, imakatulukira kumsewu waukulu. Kumeneko mabasi a ku Leicester ndi mbwee. Tiyeni ndikuperekezeni."

Ndikuperekezeni! Mawu amenewa Atuweni anali asanawamve chichokereni kwawo. Ku Highfields, mumzinda wa Leicester, kumene ankachita lendi kachipinda, mlendo amatsanzikidwa pakhomo, chitseko n'kutsekedwa asanatsike n'komwe masitepe. Ndani angakane kuperekezedwa m'dziko lotere? Anavala nsapato ija.

Anadutsa pakati pa mudzi. Nyumba zake zinali za miyala yofiirira ngati dzimbiri, mazenera ang'onoang'ono, maluwa atakwera m'makoma. Atuweni anaima pa nyumba ina yaikulu n'kugwira m'chiuno.

"Achimwene, maso angawa akuona bwino? Denga ili si la udzu?"

"Ndi udzu weniweni."

"Ine ndikusambitsa okalamba kuno kuti amayi anga achotse udzu aike malata, ndiye azungu eni malata akugona mu udzu?"

"Kuno nyumba ya udzu ndi ya mabwana. Imeneyi inamangidwa agogo a agogo athu asanabadwe. Ndimachita lendi kachipinda kuseri kwake, koma eni ake ndi ovuta, safuna alendo."

Anamuonetsa mtanda wamwala pabwalo la mudzi, pamene amayi akale ankagulitsira mazira ndi batala. Anamuonetsa kanyumba kozungulira ngati nkhokwe, kopanda zenera, kamene ankatsekeramo zidakwa mpaka mowa utawathera m'mutu. Atuweni anati kanyumba kotero kakusoweka kwawo, ndipo anali nawo kale maina a oyamba kulowamo.

Koma pamene njira inalowa m'bwalo la tchalitchi, mtsikanayo anaima nji.

"Amenewa si manda? Tilowe kumanda popanda maliro?"

"Kuno manda ndi njira. Masana anthu amadyerapo masangweji."

Atuweni anadutsa chonyang'ama, manja ali pachifuwa, akunong'oneza miyala yakuda ija kuti, "Zikomo, zikomo eni kuno, tidutse nawo." Lumbani anayang'ana kumbali kuti asaoneke kuti akuseka.

Kuseri kwa tchalitchi kunali kamtengo kozikidwa pansi, kopakidwa utoto wachikasu pamwamba. Lumbani anati timitengo timeneti ndi timene timalozera njira. Ukaima pa kamodzi, umayang'ana kanzake patsogolo, ndipo mwini munda sangakuletse kudutsa, chifukwa njirazo zinayamba iye asanabadwe.

Atakwera kachitunda, dzuwa likuwomba cham'mbali, Atuweni anaona chinthu chimene chinamugwira mtima. Dambo lonse la nkhosa linali mizeremizere, ikuluikulu, yokutidwa ndi msipu.

"Mizere! Ndani analima mizere yonenepa chonchi n'kusiyira nkhosa?"

"Anthu a zaka mazanamazana zapitazo. Banja lililonse linali ndi mizere yake, ankalima ndi ng'ombe. Kenako olemera anatchinga minda n'kuikamo nkhosa. Osauka anasamukira ku Leicester kukaluka masokosi."

"Ndiye kuti nawonso anathawa kumudzi ngati ine."

Anawerama n'kusisita udzu wa pamzere umodzi. Kuyambira tsiku limenelo Langby sunalinso mudzi wa eni. Munali mutakhalapo anthu odziwa kuwawa kwa msana, ndipo Atuweni anawakonda osawaona.

Kumapeto kwa dambolo kunali chipata chachitsulo chachilendo. Chitseko chake chinkangoyenda uku ndi uku m'kati mwa kampanda, moti munthu amayenera kulowa, kuima pakona, kukankha, n'kutulukira mbali inayo.

"Ichi azungu amati kissing gate, chipata chopsompsonana," anatero Lumbani. "Chimadutsa munthu mmodzi, nkhosa zimalephera. Amati wodutsa poyamba salola mnzake kudutsa asanalipire."

"Kulipira chiyani?"

"Dzinalo lanena kale."

Atuweni anadutsa msanga, natsekera chipatacho kumbuyo.

"Ndiye mubwerere pompano, achimwene. Zikomo pondiperekeza."

Lumbani anabwerera, koma nambala ya foni anatenga. Basi isanafike n'komwe ku Oadby, meseji inali italowa kale: "Mlendo wanga, njira ija ili ndi nthambi zambiri. Mawa ndikuonetseni ina."

Basi ya ku Langby inayamba kunyamuka yopanda Atuweni tsiku lililonse, ndipo iye sanadandaulenso. Akaweruka ankapeza Lumbani ataima pa kamtengo kachikasu kuseri kwa tchalitchi. "Inu" anasanduka "iwe" masamba asanayambe kufiira. Anayenda njira ya kungalande kumene mabwato ataliatali amayenda ngati aulesi. Anayenda njira ya kumphero yakale yoyendera mphepo, imene inatsala yopanda mapiko. Anathyola zipatso zakuda za m'minga mpaka milomo kuda. Koma njira zonse zinkathera pachipata chija, ndipo malipiro aja anayamba kuperekedwa mosanyinyirika.

"Mlendo wanga, ndili pamwamba pa nsanja, ndikuona denga la kuntchito kwako. Mtima wanga watsika kale, kwatsala thupi."

"Gwira bwino makwerero, iwe. Ndikufuna mwamuna wamoyo."

"Ndikagwa ndigwera kwa iwe."

Mameseji otere Atuweni ankawawerenga mobisa m'chipinda chochapira, n'kutuluka akumwetulira moti bambo Willie, nkhalamba ina imene ankaisamalira, anayamba kumuseka. Bambo Willie anali woliza mabelu a tchalitchi chija kuyambira unyamata wawo mpaka miyendo itakana. Mabeluwo anali atakhala chete chiyambire kukonzedwa kwa nsanja, ndipo nkhalambayo inkati sidzafa isanawamvenso.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya Atuweni. Lumbani sanadutsepo chipata chija. Ku Highfields sanapondeko. Loweruka ndi Lamulungu foni yake inkangoitana, akuti amakhala ku ofesi ku Nottingham. Nanga ofesi yanji yosatseka ndi pa Sabata pomwe? Koma munthu akakonda amadziyankha yekha mafunso, ndipo amadzipatsa mayankho okoma okhaokha.

Chisanu chinabwera n'kupita. Tsiku lina, anaankhosa akudumphadumpha pamizere ija, Atuweni anagwira chipata osadutsa.

"Lumbani, amalume akufunsa. Amayi anawauza kuti ndili ndi munthu. Ndiwapatse dzina lako?"

"Dikira pang'ono, mlendo wanga. Nsanja ithe kaye."

"Ine sindinabwere kuno kudzaseweretsedwa. Kwathu dzina likafika kwa amalume silibwereranso, n'chifukwa chake ndikufunsa. Kodi iwe ndi ine tikupita kuti?"

Lumbani anamugwira manja onse awiri pamwamba pa chitsulo chozizira.

"Tamvera. Tsiku limene mabelu adzalirenso, ndidzadutsa chipata ichi. Ndidzakuperekeza mpaka pakhomo pako, mpaka ku Machinga, osabwereranso."

Atuweni analira ndi chimwemwe m'basi yonse. Lonjezo limenelo analisunga ngati dzira.

Lachinayi lina abusa a mudziwo anabwera kudzapereka mgonero kwa okalamba. Anali munthu wachangu, woyenda panjinga, wosatha kukhala pansi. Atamaliza anamukodola Atuweni pakhonde.

"Ndamva kuti ndinu a ku Malawi. Ndithandizeni. Lamulungu lino mabelu alira koyamba, ndipo ndiyenera kutchula dzina la mnyamata wina wa kwanu pamaso pa mpingo. Ndi tsiku lake lalikulu, sindikufuna kumuchititsa manyazi. Kodi amati Nigambi? Kapena Eni-gambi?"

Mtima wa Atuweni unagunda ngati ng'oma. Mabelu! Ndipo Lumbani akamuthokoza pamaso pa mudzi wonse chifukwa cha nsanja ija! Nanga n'chiyaninso china?

"Ayi abusa, si choncho. Mawuwo atulukire m'mphuno. Ng'a. Ng'ambi."

"Nyambi."

"Ayi, lilime libwerere kumbuyo. Ng'a."

Anaima pakhondepo, m'busa wa zaka zambiri akulira ngati mwana wa ng'ombe, mpaka dzina linatuluka loyera. Abusa anakwera njinga akulibwerezabwereza.

Atuweni sanamuuze Lumbani kanthu. Lamulungu linali tsiku lake la ofu, lopita kutchalitchi chake ku Leicester, koma anaswopa shifiti ndi mnzake kuti iye ndiye akankhe njinga ya olumala ya bambo Willie. Anasita diresi lake la chitenje, lija ankalisungira zikondwerero. Usiku wa Loweruka anatumiza mawu kwa amalume: "Mawa ndikuuzani dzina."

Mabelu analira m'mawa umenewo mpaka akhwangwala kubalalika. Bambo Willie anagwetsa misozi, milomo ikuwerenga kaliridwe kake. Awiriwo analowa m'tchalitchi mochedwa n'kukhala kumbuyo, kuseri kwa chipilala chachikulu chamwala, pafupi ndi chiboliboli cha msilikali wakale wogona manja ali pachifuwa.

Atayimba nyimbo, abusa anaima ndi kunena mawu ena a Chingerezi chakale. Atuweni sanawatsatire. Khutu lake linkadikira chinthu chimodzi, ngati mphunzitsi wodikira mwana wake pa mayeso.

"...Lumbani Ng'ambi..."

Linatuluka bwino, loyera, la ku Chitipa lenileni. Atuweni sanadzigwire. Dzanja linapita pakamwa, nthungululu inaphulika m'tchalitchi cha zaka mazana asanu ndi awiri chimene chinali chisanamvepo zotero.

Abusa anadikira akumwetulira, kenako anapitiriza.

"...ndi Joanna, mwana wa m'mudzi uno. Aka ndi koyamba kulengeza ukwati wawo. Ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwa kukwatirana, anene."

Mpingo unaseka mokondwa, ena anawomba m'manja. Ankati mtsikana wa chitenje akusangalalira ukwati wa m'bale wake. Kutsogolo, mutu umodzi unatembenuka pang'onopang'ono. Lumbani ankadziwa kuti m'mudzi wonse wa Langby muli khosi limodzi lokha lotha kutulutsa mawu amenewo. Pambali pake panakhala mkazi wa tsitsi lofiira, atamukolowekera dzanja.

Anene? Atuweni anatsegula pakamwa. Kodi aimirire pamaso pa azungu onsewa, iye amene wangoyimba nthungululu, n'kunena kuti mkwatiyu ndi wanga? Mawu anakana. Anangomva dzanja lokwinyika likugwira lake. Linali la bambo Willie. Anali ataona kumwetulira kwa m'chipinda chochapira kuja, ndipo tsopano anaona nkhope yake. Anamupatsira kampango kawo, osachotsa dzanja mpaka pemphero lomaliza.

Panja, pakati pa manda, mkazi uja anathamangira Atuweni, akumukoka Lumbani.

"Zikomo!" anatero m'Chichewa chopotoka, kenako anabwerera ku Chingerezi. "Ndine Joanna. Abusa andiuza kuti ndinu munawaphunzitsa dzina. Ine ndimagwira ntchito kutali, ndimabwera Loweruka lokha kwa makolo anga, kunyumba ya udzu ija. Lumbani, bwanji sunandiuze kuti kuno kuli Mmalawi mnzako? Mudzabwere ku ukwati, chonde, mudzachitenso mawu okoma aja."

Maso ake anali oyera, opanda chinyengo. Atuweni anafuna kumuda, koma analephera. Lumbani ankayang'ana mwala wa pamanda ngati akuwerenga dzina la m'bale wake.

Madzulo amalume anaimba foni. Atuweni anawauza kuti dzina lija lasowa, ndipo analira mpaka mutu kuwawa.

Meseji inalowa m'mawa mwake: "Mlendo wanga, ndilole ndifotokoze. Pamalo pathu."

Mlendo wanga. Pafupifupi chaka chathunthu ankalimva dzinali ngati uchi. Lero ndi pamene anakumbukira zimene akulu amanena, kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu uja sanamunamize dzina ayi. Iye ndiye sanamvetse.

Ataweruka anamupeza pa kamtengo kachikasu. Anayenda kudutsa mizere yonse, mpaka pachipata.

"Atu, ndinakumana ndi Joanna iwe usanabwere. Zinthu zinapita patali, makolo ake, nyumba, chilichonse. Koma za iwe sizinali zabodza. Ndi iwe ndimaseka m'chinenero changa. Ndikakhala nawe ndimakhala kwathu. Ndinkafuna kukuuza, kungoti..."

"Kungoti mumadikira mabelu, a Ng'ambi."

Lumbani anadzidzimuka ndi "inu" ameneyo kuposa mmene akanachitira ndi mbama.

"Usandiyankhule choncho, mlendo wanga. Tikhoza kupitiriza kuonana. Palibe chimene chisinthe."

"Mwandiphunzitsa nokha kuti chipata ichi chimadutsa munthu mmodzi. Inu mumafuna tidutse atatu?"

Misozi inatsika, koma mawu ake sanagwedere.

"Mwandipweteka, a Ng'ambi. Ndinakukondani ndi mtima wonse, ndipo mawa ndidzadzuka ndikukukondanibe, n'zimene zikundiwawa. Koma dzulo usiku ndagwada n'kuthokoza. Ndathokoza kuti lilime la abusa linakanika dzina lanu. Mukanakhala John, bwenzi dzulo ndili ku Leicester, ndikuuza amalume kuti akonzekere chinkhoswe cha mwamuna wa mwini."

"Atu..."

"Sindinamalize. Joanna uja ndi munthu wabwino, wandiitana ku ukwati ndi mtima woyera. Mumuuze nokha zonse sabata ino. Abusa anati aka n'koyamba, ndiye kuti Lamulungu likubwerali afunsanso funso lija. Ine ndaswopa kale shifiti. Dzulo mawu anandithawa. Sadzandithawa kawiri."

Lumbani anagwira chitsulo cha chipata ngati munthu wachizungulire.

Atuweni anatembenuka n'kuyang'ana kumene anachokera. Dzuwa linkawomba cham'mbali, mizere ija ikuoneka bwino lomwe, nsanja ili chilili pamwamba pa madenga a udzu. Anadabwa kuona kuti zonse zinali zokongolabe. Mudziwo sunamunamize. Eni manda anamulola kudutsa, eni mizere anamulandira, nkhalamba inamugwira dzanja. Zimenezi Lumbani sakanatha kumulanda, ngakhale kuti ndi iye anamuonetsa.

Analowa m'kampanda, naima pakona, nakankha chitseko, natulukira mbali inayo. Lumbani anaponya phazi kuti atsatire, koyamba chiyambire. Atuweni anagwira chitsekocho ndi dzanja limodzi.

"Ayi. Mubwerere pompano, achimwene. Zikomo pondiperekeza. Njira ndikuidziwa tsopano."

Chitsulo chinalira kamodzi kumbuyo kwake. Atuweni anapukuta m'maso ndi kampango ka bambo Willie, nayang'ana kutsogolo kufuna kamtengo kachikasu kotsatira, ndipo anakaona.